A Koyilo ndi Mapazi Ozizira

Mumsewu wakuseri kwa msika, pakati pa shopu ya telala ndi khoma la nyumba yosungiramo katundu, munali kachipinda kopanda chikwangwani. Munthu ukafunsa kokonzetsa simbi yositira, ketulo kapena mbaula yamagetsi, anthu ankangokulozera ndi mlomo. Ankati pita kwa a Koyilo.

Dzinali linachokera ku ntchito yawo. Anzawo okonza zamagetsi akapeza kuti waya wotenthetsa mu mbaula wapsa, ankakagula wina kusitolo n'kuikamo. A Koyilo ankapota wawo. Ankatenga waya wowongoka, n'kumukulunga pa sipoko ya njinga mpaka akhale koyilo yonga sipuling'i, koma asanadule ankayamba awerengera. Masamuwo ankalemba ndi choko pathebulo pomwepo, pambali pa pulaya ndi mita yawo ya singano, ndipo akatha ankafufuta ndi chigongono. Malaya awo onse anali otuwa mkono wakumanja.

Anali munthu wamtali, wowonda, wosachedwa kutha mawu. Telala woyandikana nawo, bambo wonenepa amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale ataluma mapini, ankati kucheza ndi a Koyilo n'chimodzimodzi kucheza ndi wailesi yopanda mabatire. Koma ukawafunsa za waya, lilime linkamasuka pang'ono.

"Zinthu zake ndi ziwiri basi," ankatero. "Mavoliti, ndiyo mphamvu yokankha magetsi. Maampu, ndiko kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa. Ukadziwa ziwirizi, zinazo zimadziulula zokha. Gawa mavoliti ndi maampu, upeza maohomu, kutanthauza mmene wayayo akukanizira magetsi. Chulukitsa mavoliti ndi maampu, upeza mawati, ndiko kutentha kwake."

Akatero ankalemba chitsanzo cha simbi: mavoliti 240, maampu 5. Kugawa, maohomu 48. Kuchulukitsa, mawati 1200. Ankadula waya wokwana maohomu 48, osapitirira, osaperewera. Waya wamtali amakaniza magetsi kwambiri, ndiye amangofunda. Ukamufupikitsa, magetsi amadutsa ambiri, ndiye amatentha.

Komabe masamu sanali mapeto a ntchito yawo. Akamaliza kukonza, ankapatsira mwini wake chinthucho n'kunena kuti, "Tayesani." Mwini wake akati sichikutentha mokwanira, iwo sankatsutsa. Ankatsegulanso, n'kudulako waya pang'ono, n'kuwerengeranso. Ankati choko chimayamba, koma womaliza ndi amene amagwira chinthucho tsiku ndi tsiku.

Khalidwe limeneli anawaphunzitsa ndi akazi awo. Nthawi imeneyo asanakwatirane, mayiwo anali mtsikana wosita zovala pamalo ena ochapira, ndipo anabwera ndi simbi yakufa itakulungidwa m'nsalu. A Koyilo anaikonza bwinobwino monga mwa masamu. Mawa lake simbi inabwerera.

"Sikutentha."

"Ikutentha. Onani apa," anatero mnyamata wa nthawi imeneyo, akuloza manambala pathebulo.

Mtsikanayo anayang'ana manambalawo, kenako anayang'ana mwini wake.

"Choko chanucho chinasitapo kolala ya malaya?"

A Koyilo anaitsegulanso simbiyo. Anadulako waya. Simbiyo inabwereranso kangapo pambuyo pake, ndipo maulendo omalizawo inalibe vuto lililonse. Anakwatirana, anapeza nyumba ya zipinda ziwiri kufupi ndi shopu, anabereka mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo anaphunzira, anapeza ntchito ya muofesi kumzinda wakutali, n'kukwatiwa komweko. M'nyumbamo munatsala awiri, wina wolankhula, wina womvetsera, ndipo zinkawakwanira.

Matenda a shuga analowa mwakachetechete. Mayi aja anayamba ndi ludzu losatha, kenako maso anachita chifunga, kenako anasiya kusita chifukwa miyendo sinkalola kuimirira. Mwana wawo atabwera kudzawaona, anayendera nyumba yonse, anatsegula kabati ya mankhwala, anasuzumira m'bafa, n'kukhala pampando moyang'anizana ndi bambo ake.

"Bambo, amayi ndiwatenge. Kwathu chipatala chili pafupi."

"Ndiwasamala."

"Inunso mwakula. Ndiye shopu?"

"Ili pafupi."

Amayi ake analowerera ali kuchipinda. "Iwe, ine si katundu woti muzikambirana ngati kulibe mwini wake. Sindipita. Bambo akowa ndikawasiya okha, aziphika tiyi ndi choko."

Mwanayo anaseka, koma ponyamuka anawaitanira bambo ake panja. Anawauza kuti wavomera, koma tsiku limene adzaone kuti zikuwakanika, adzabwera ndi galimoto, ndipo sipadzakhalanso zokambirana. Kunyumba kwakeko malo analipo a munthu mmodzi yekha, bedi la m'chipinda cha adzukulu. A Koyilo anagwedeza mutu. Kuyambira tsiku limenelo anakhala ngati munthu wolembedwa ntchito mongoyesedwa.

Ntchitoyo ankaigwira bwino. Anaphunzira kuphika zopanda shuga ndi kubaya chala poyeza magazi. Anakhomera chitsulo chogwirira m'bafa. Anaika swichi ya nyale pafupi ndi pilo kuti akazi awo asamapapase khoma. Masana ankatseka shopu n'kupita kukadya nawo, ndipo foni ya mwana ikalira, onse awiri ankayankha ndi mawu a anthu osasowa kanthu.

Kenako kunabwera nyengo yozizira, ndipo mapazi a mayi aja anayamba kuvuta.

"Ali ngati ndawaviika mumtsuko wa madzi," ankatero. "Tagwirani."

A Koyilo akagwira, ankapeza kuti ndi ozizira ndithu, koma osati mmene mwini wake ankanenera. Ankawatikita ndi mafuta, ankawaveka masokosi awiriawiri, ankawakulunga m'bulangete. Sizinkathandiza. Mayiwo ankabuula chamumtima, tulo osabwera, nkhope n'kumagwa. Kuchipatala, tsiku la anthu a shuga, anafunsa namwino ngati angaike botolo la madzi otentha. Namwinoyo anali ndi mzere wa anthu mpaka pakhonde.

"Botolo ayi, agogo. Moto ayi. Masokosi basi." Anatero akuitana wotsatira.

Pobwerera a Koyilo anaisinkhasinkha nkhaniyo monga munthu wa ntchito yawo. Botolo ndi moto n'zoopsa chifukwa kutentha kwake sikuyezeka. Madzi ukawathira, sudziwa afika pati. Koma waya amamvera. Ukamuuza mawati akutiakuti, amapereka omwewo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Mawa lake anafukula thiransifoma yaing'ono m'bokosi la zinthu zakale, yotsitsa magetsi a pakhoma kufika pa mavoliti 12, oti ngakhale waya atakhudza khungu sangagwire munthu. Analemba pathebulo. Ankafuna maampu 2. Kugawa, maohomu 6. Kuchulukitsa, mawati 24, kutentha kofatsa, kosaposa kwa mphaka wogona kumiyendo. Anayeza waya wopyapyala wokutidwa bwino mpaka singano ya mita inaima pa 6, n'kupita naye kwa telala pamodzi ndi nsalu ziwiri zokhuthala.

"Mundisokere kapilo. Wayayu ayende mokhotakhota mkati, asagundane."

"N'ka ndani?"

"Ka alamu anu. Mapazi."

Telala anatulutsa mapini pakamwa. "Anthu amagulira akazi awo nsalu ndi ndolo, inu mukuwapatsa magetsi. Chikondi cha akuluakulu chimaopsa."

Anasoka komabe, ndipo anakongoletsa m'mphepete ndi ulusi wofiira umene sanauzidwe. Masana onse a tsiku limenelo a Koyilo anakhala pampando wa m'shopu, nsapato atavula, mapazi ali pakapilo, akumvetsera kutentha. Kenako anakaika patsaya. Kenako anakakhalira.

"Achimwene, mukaswa anapiye mundigawireko awiri," anatero telala akusuzumira pakhomo.

Kapiloko kanali bwino. Kankafunda mofatsa, kofanana paliponse. Madzulo anakaika pansi pa mapazi a akazi awo, n'kuyatsa, n'kukhala m'mphepete mwa bedi manja ali pamaondo.

Panapita kanthawi.

"Mwayatsa?"

"Ndayatsa."

"Ndiye kafa m'njira. Sindikumva kanthu."

A Koyilo anapisa dzanja m'bulangete. Munali mofunda. Anatenga dzanja la akazi awo n'kuligwiritsa kapiloko.

"Kudzanja kukumveka," anavomera mayiwo. "Koma mapazi a munthu amene waimirira pasimenti moyo wake wonse si tsaya la khanda. Chikopa chake n'cha ng'ombe. Onjezani moto, bambo."

Mawuwo anamveka anzeru kwa a Koyilo. Mwini mapazi ndiye amadziwa mapazi ake. Kutacha anasomola ulusi wa telala, anadulako waya, n'kumuyalanso pakati. Maohomu 4 tsopano. Mavoliti 12 kugawa ndi 4, maampu 3. Kuchulukitsa, mawati 36. Anasoka okha ndi manja, msoko wokhota ngati njira ya woledzera.

Sizinasinthe. Mayi aja anayesa masiku angapo, akumasuntha mapazi uku ndi uku pofuna pamene pali moto, koma anangotopa. Tsiku lina masana, chakudya chili pambali osachikhudza, analankhula akuyang'ana kudenga.

"Mwina kwa mwana kuja zipinda zake n'zofunda."

Sanali kuwaopseza. Anali mawu a munthu wotopa, ongotuluka okha. Koma a Koyilo anaimirira. Anatenga kapilo kaja n'kubwerera nako kushopu osamaliza kudya.

Anadula mpaka mita inaonetsa maohomu 3. Analemba: maampu 4, mawati 48. Anaimirira akuyang'ana manambalawo nthawi yaitali. Iwo ankadziwa zimene ankaona. Waya watsala theka la woyamba uja, kutentha kwawirikiza kawiri, ndipo konseko kwaunjikana pamalo ochepa. Chidutswa chilichonse cha waya chinali kutentha kanayi kuposa poyamba. Choko chinanena zake momveka bwino. Koma choko sichinali ndi mapazi ozizira, ndipo sichinagonepo pafupi ndi munthu wobuula. Anayatsa, anaika chikhatho. Kanali kotentha, koma kopiririka. Anadziuza kuti kazingoyaka kanthawi kochepa. Anafufuta ndi chigongono.

Atakaika, akazi awo anatsinzina, ngati munthu womvetsera nyimbo yochokera kutali.

"Apa ndiye ndikumva kenakake. Patalipatali, koma kalipo." Anatsegula maso n'kumwetulira, kumwetulira kumene kunali kutasowa m'nyumbamo nyengo yonseyo. "Mwaona? Mukamamvera mkazi zinthu zimayenda."

"Kakafunda muzizimitsa. Swichi ili apa."

"Ndamva, a injiniya."

Madzulo amenewo a Koyilo anazimitsa okha. Mawa lake, atadya masana, anayatsa, anawafunditsa bulangete, anawakumbutsanso za swichi, n'kupita kushopu kumene mbaula ya munthu wina inkawadikira. Anagwira ntchito ndi mtima wopepuka. Telala anawamva akung'ung'udza kanyimbo ndipo anafunsa ngati akudwala.

Pobwerera dzuwa litapendeka, atangotsegula chitseko, anamva fungo. Ankalidziwa bwino fungolo. Ndi limene limatuluka simbi ikaiwalidwa pansalu.

Akazi awo anali atangodzuka kumene, nkhope ili yosalala.

"Lero ndiye ndagona. Tulo ta mwana weniweni. Mwabwera kalekale?"

A Koyilo anathamangira kubedi. Anazula pulagi kukhoma n'kukweza bulangete chakumiyendo. Pakati pa kapilo panali patachita bii. Masokosi anali atamatirira. Atawavula pang'onopang'ono, anapeza phazi lakumanja lili ndi matuza awiri, koma chidendene chakumanzere, chimene chinatsamira pawaya nthawi yonseyo, chinali choyera ngati kandulo, khungu litasendeka m'mbali.

"Mwaona chiyani?" anafunsa mayiwo. Maso awo sankafika kumapazi.

"Simukumva kuwawa?"

"Kuwawa kwa chiyani?"

A Koyilo anakanikiza chala pafupi ndi balalo. Anakanikizanso mwamphamvu. Akazi awo ankangowayang'ana, akudikira yankho. Pamenepo m'pamene anamvetsa chimene namwino uja ankatanthauza. Mapaziwo anali atasiya kumva kalekale. Kuzizira kumene ankadandaula nako kunali kwa mkati, kwa mitsempha yakufa, ndipo panalibe waya padziko amene akanakufikira. Iwo anali atafunsa mboni yosaona, n'kudula waya potsatira mawu ake.

Anawauza. Mayiwo anagwira mkono wa amuna awo.

"Mwana musamuuze."

"Tipite kuchipatala."

"Tikapita kuchipatala amva. Akamva, mawa lomwe galimoto ili pakhomo. Ndi kachilonda chabe. Ine ndapsapo kangati ndi simbi? Onani mikonoyi. Zinapola zonse."

A Koyilo anayang'ana zipsera zakale za pamikono ija. Zinalidi zitapola. Ankafuna kukhulupirira, ndipo anakhulupirira.

Anagula mankhwala opaka ndi mabandeji. M'mawa ndi madzulo ankatsuka balalo ndi madzi owiritsa a mchere, mosamala ngati akulumikiza waya wa mkati mwa mita. Matuza a kumanja anaphwa n'kuuma, ndipo zimenezi zinawapatsa mtima. Foni ikalira, mayi aja ankaitenga okha.

"Tili bwino, mwana wanga. Bambo ako akundinenepetsa. Adzukulu anga ali bwanji?"

A Koyilo ankatuluka panja foniyo ikamalankhulidwa.

Chidendene sichinapole. M'mbali mwake munayamba kuda, phazi linatupa, ndipo bandeji inkanyowa tsiku lisanathe. Shopu inakhala yotseka. Telala ataona loko pachitseko masiku otsatizana, anabwera kunyumba atanyamula malalanje, akulankhula kuyambira kumsewu. Atalowa kuchipinda anatsitsa mawu. Anapereka moni kwa alamu ake mwaulemu, anaseka nawo pang'ono, kenako anakokera mnzake kukhitchini.

"Achimwene, mphuno zanu zikugwira ntchito?"

"Ndikutsuka kawiri patsiku."

"Sindikufunsa zotsuka. Fungo limenelo ndinalimvapo kwa malemu bambo anga. Izi si zokonza pathebulo."

"Akapita, sabwereranso muno."

Telala anayang'ana pansi. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, analibe nthabwala.

"Nanga akakhala, akhala mpaka liti?"

Tsiku lomwelo chakumasana thupi la mayi aja linatentha, ndipo anayamba kulankhula zosokonekera, akufunsa ngati malaya a bwana atha kusitidwa. A Koyilo anatenga foni. Anakhala nayo m'manja atakhala pakhomo, akuyang'ana anthu odutsa mumsewu, mayi wosenza beseni, wanjinga wonyamula matabwa. Kenako anaimba.

"Mwana wanga, bwera. Amayi ako ndikupita nawo kuchipatala. Ndawapweteka."

Madokotala anayesa zimene akanatha. Mwendo wakumanzere anaudula pansi pa bondo.

Mwanayo anafika opaleshoni isanachitike, ndipo sanafunse zambiri kufikira itatha. Anawapeza bambo ake pabenchi ya pakhonde la chipatala, chipewa chili pamaondo. Anakhala pambali pawo, kusiya mpata wa munthu mmodzi pakati.

"Adokotala akuti linali bala la moto. Moto wake uti, bambo?"

Anamuuza za kapilo. Sankadziwa njira ina yofotokozera, choncho anayamba ndi mavoliti 12, kuti sakanagwira munthu. Ananena za maohomu 6, kenako 4, kenako 3. Chala chawo chinkalemba pabondo.

"Bambo, sindikufunsa masamu."

Chala chinaima.

"Munkadziwa kuti katentha kwambiri?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye?"

"Anati sakumva."

Mwanayo anaphimba nkhope ndi manja. Mapewa ake ankagwedezeka. Patapita nthawi anafunsa, mawu ali m'zikhatho, kuti n'chifukwa chiyani sanamuimbire tsiku lomwelo. A Koyilo anayang'ana chipewa chawo. Yankho ankalidziwa onse awiri, ndipo mwanayo atalipeza yekha analira kwambiri kuposa poyamba.

Mayi aja atatsitsimuka n'kumva zimene zachitika, sanalire pamaso pa anthu. Anayang'ana pamene bulangete linaphwa, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Usawayang'ane choncho bambo ako. Moto ndinapempha ndine. Kubisa ndinayambitsa ndine. Iwowa kulakwa kwawo n'kumvera."

"Palibe amene ndikumuimba mlandu, amayi."

"Nkhope yakoyo ndinaibereka ndine, ndimaidziwa."

Za ulendo panalibenso zokambirana. Bala linkafunika kutsukidwa ndi anthu odziwa, mayiwo ankafunika kunyamulidwa popita kubafa, ndipo msana wa a Koyilo sukanatha. Iwo eni ndiwo anayamba kunena, mwana asanatsegule pakamwa. Anati atengedwe. Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali, koma sanatsutse. Anangopempha kuti galimoto idzadutsire kunyumba, akasankhe okha zonyamula.

Tsiku lotuluka, mkamwini anawanyamula kuwalowetsa m'nyumba n'kuwakhazika pabedi. A Koyilo anali atasesa, atachapa nsalu zonse, atatsegula mawindo. Mayiwo analamulira kulongedza ali pomwepo, ngati kapitawo.

"Diresi la buluu, osati limenelo, linalo. Juzi. Chithunzi changacho chisiye, bambo ako angaiwale nkhope yanga n'kukwatira wina."

"Ndani angawalole?" anatero mwanayo, akuyesa kuseka.

"Usawaderere. Akavala jekete amaoneka ngati munthu."

Kenako anatembenukira kwa amuna awo, amene anaima pafupi ndi chitseko manja ali kumbuyo.

"Inu, mafuta ophikira atsala pang'ono. Mapoto musamawasiye m'madzi. Ndipo muzidya, osamangomwa tiyi. Ndikamva kuti mwaonda kuposa apa, ndibwera ndi mwendo umodzi womwewu."

"Ndizidya."

"Mwezi ukatha mubwere. Mukagona pabalaza, simufa."

"Ndibwera."

"Mawu anu ndi omwewo? Zaka zonsezi, munthu akuchoka, ndibwera basi?"

A Koyilo anayandikira, anagwada movutikira pafupi ndi bedi, n'kukonza mfundo ya bandeji imene sinali yomasuka. Anakhala chogwada choncho, mutu uli pansi. Akazi awo anaika dzanja pa imvi zawo.

"Basi, basi," anatero motsitsa. "Ndamva."

Mwanayo, pofuna pothawira maso, anawerama n'kukoka nsapato za amayi ake pansi pa bedi. Zinalipo zakuda zopitira kokayenda, zansalu, ndi masilipasi. Anatenga peyala yoyamba, n'kuima nayo m'manja, osadziwa chochita.

"Tenga zakumanja zokha," anatero amayi ake. "Usadzaze chikwama ndi zinthu zopanda ntchito."

Mkamwini anawanyamulanso kupita nawo kugalimoto. Anthu oyandikana nawo anatuluka kudzatsanzika, ndipo mayiwo anawayankha onse mmodzimmodzi, akuseka, mpaka chitseko chinatsekedwa. A Koyilo anaima m'mphepete mwa msewu. Galasi linali lakuda, moti sanaone ngati akazi awo anayang'ana m'mbuyo. Anakweza dzanja, ndipo linakhala m'mwamba mpaka galimoto inakhota.

Anthu anabalalika. Iwo analowa m'nyumba, anatseka mawindo, n'kupita kuchipinda. Pakati pa chipindacho, pamene mwana anazisiya, panali nsapato zitatu zakumanzere. Yansalu inali itapindika kuchidendene, mmene mwini wake ankaipondera akamafulumira.

Anazitola. Anapita nazo kukhitchini kumene kunali ndowa ya zinyalala, anaima, n'kubwerera nazo. Anatsegula kabati, koma m'mashelefu opanda kanthu aja sizinaoneke bwino. Pomaliza anakhala pabedi, mbali imene sinali yawo, nsapatozo zili pamiyendo, ndipo kunja kutayamba kuda anali adakali pomwepo.